Galasi Lochindikala Ngati Chala Chachikulu

Wometa tsitsi wina anali munthu wamantha, ndipo ankadzidziwa. Ankanena yekha kuti iye ndi mtundu wa anthu omanga lamba pa buluku lothina kale. Choncho ataganiza zopanga thanki yagalasi yosungiramo nsomba zokongola, yoti makasitomala aziyang'ana podikira kumetedwa, anayamba ndi kufufuza pafoni mmene mathanki otere amaphulikira. Anapeza kavidiyo ka thanki ina ikung'ambika m'lesitilanti, madzi akukokolola mipando, nsomba zikuphiriphitha pansi pa matebulo. Anakaonera mobwerezabwereza mpaka kuyamba kumva chinyezi m'masokosi.

Kogulitsa magalasi anapezako mayi wina wodula magalasi, pensulo ili kukhutu. Mayiyo anamufotokozera kuti nkhani yagona pa kuya kwa madzi: thanki ikatalika, madzi amakankha kwambiri kumunsi, koma ya msinkhu wolekeza m'mawondo galasi lapakatikati limakwanira, bola kuika kagalasi kopingasa pamwamba. Wometayo anavomera ndi mutu mawu onse, koma maso ake anali pa chigalasi chobiriwira chimene chinatsamira khoma kuseri, chotsala pa kauntala ya sitolo ina. Anayeza kuchindikala kwake ndi chala chachikulu, zinafanana ndendende.

"Mundidulire ichi," anatero.

"Bambo, mukufuna kuwetamo ng'ona?"

Iye anaseka nawo, koma sanasinthe maganizo.

Zidutswazo zinabwera pagalimoto, chilichonse chonyamula anthu awiri. Poti m'shopu munali mopanikiza, anazimatira kunyumba, pansi pabalaza, pakati pa sofa ndi khomo la kukhitchini. Nyumba yonse inanunkha guluu wa silikoni ngati viniga. Iye anauza akazi ake kuti apirire, guluuyo akangouma chinthucho chichoka. Guluuyo atauma anathira madzi m'thankimo kuti aone ngati ikudontha. Osadontha ngakhale pang'ono. Anaizungulira manja ali kumbuyo, akudzimva kuti ndi injiniya amene anangosochera n'kukagwira lezala.

Atakhuthula madziwo anaitana mlamu wake, munthu wa mapewa amene ntchito yake ndi kusamutsa katundu wa anthu. Mlamuyo anaigwira mbali imodzi, n'kukoka mpweya, misempha ya m'khosi kutuluka. Thanki ili phee. Anaitana aneba awiri. Onse pamodzi anaidzutsa pang'ono, poti n'kulowetsa chikhatho, koma wometayo atangoganiza za zala zake za kumapazi anakuwa kuti aitsitse.

Mlamu wake anapukuta thukuta n'kufunsa modekha kuti kodi kushopuko akaikhazika pati.

"Pa shelefu ija, alamu."

"Ija mumaikapo zipeso ija?"

Shelefuyo inali thabwa limodzi lokhomedwa ndi misomali yaifupi, ndipo inkagwedera munthu akangotsekula zenera. Pa mantha ake onse, izi zokha ndizo sanaziganizire.

Nsomba anali ataitanitsa kale. Zinafika m'kajumbo ka pulasitiki, tinsomba tiwiri tofiira, totalika ngati chala chaching'ono. Atathiranso madzi n'kutiika m'thankimo tinakabisala pakona, ndipo poyang'anira m'chigalasi chobiriwiracho tinkaoneka ngati tadwala. Akazi ake ankadutsa chammbali ndi mbale m'manja, osanena kanthu. Iye akanakonda akanamukalipira.

Nkhaniyi kushopu anaifalitsa yekha, anthu ena asanamutsogolere. Ankati m'tauni monse palibe nsomba zotetezedwa ngati zake, ndipo nyumba itagwa iye adzathawira momwemo. Makasitomala ankaseka mpaka iye ankachita kuimitsa makina ometera kuopa kuwacheka khutu. Ena anafika kunyumba kudzaona, ndipo aliyense ankayenera kunjuta pansi, mphuno pagalasi, kusakasaka tinsombato.

Patapita miyezi, masana ena anabwerera kunyumba kudzatenga chaja imene anaiwala. Anapeza sofa yatembenuzidwa kuyang'ana thanki, pamwamba pa thankiyo paikidwa thabwa losalala ndi kansalu koluka, kapu ya tiyi ili pomwepo. Akazi ake anali atagwada, akuwaza chakudya cha nsomba pa kampata kamene anasiya, uku akuzilankhula motsitsa mawu. Nsombazo zinali zitanenepa, zikubwera kudzadya pafupi ndi zala zawo.

Sanadzuke atamuona. Anangoti, "Tsiku losamuka muno, eni nyumba mukawauze nokha kuti mwawaonjezera chipinda."

Wometayo anati adzawauza, anatenga chaja yake, n'kudutsa chammbali.