Simbi Ziwiri za Malemu Severino

"Zatsala simbi," anatero azakhali a Genoveva, uku akukokera mphasa kumthunzi.

Linali tsiku lometa maliro, ndipo katundu wa malemu Severino anali atagawidwa kale. Njinga yopanda tcheni, makasu awiri ndi jekete la ku misa, zonse zinapita kwa Hezekiya, mwana wa a Genoveva, mlongo wa malemuyo, pakuti kwathu kuno chuma cha mwamuna chimabwerera kwa ana a mlongo wake. Marcelina, mwana wa malemu, analibe nazo kanthu zimenezo. Maso ake anali pa simbi ziwiri zamakala zimene zinatsala pamphasa, ndipo anali ndi mantha.

Severino ndiye ankasokera anthu a ku Chifunde. Makina ake anthu amfuti anapita nawo chaka chapitacho, ndipo kuyambira pamenepo iye ndi Marcelina ankasoka pamanja zofunda za zigamba: tizidutswa ta zitenje za kapulana, matumba a ufa, mikono ya malaya akutha. Anthu othawira ku Zambia kudzera kumalire ku Cassacatiza ankazisinthanitsa ndi chimanga, poti kutchire kumazizira. Koma chofunda cha zigamba chimakoma ndi simbi. Msoko uliwonse ukapanda kusitidwa, chofunda chimakwinyika ngati chikopa cha mbuzi chouma, ndipo palibe angachiperekere chimanga chake. Mwamuna wa Marcelina anatengedwa usilikali, osamvekanso. Ana ake awiri ankadya za simbi, ndipo m'boma monsemo munalibe kogula ina.

Simbi imodzi inali yonyezimira, ya tambala wamkuwa pachivundikiro, imene malemu anasiyiridwa ndi Mpwitikizi wina pochoka m'dziko. Inzake inali yakuda bii, chogwirira chake chokulungidwa sanza.

"Zonse ziwiri zikwana m'thumba," anatero Hezekiya.

"Imodzi usiyire ana a malume ako," anayankha a Genoveva. "Mchimwene wanga asationere kumanda tikukolopa nyumba yake. Sankha."

Hezekiya chibadwire anali asanasitepo ngakhale mpango, koma pamaso pa anthu sakanavomera. Ananyamula iyi, nanyamula iyo, nasuzumira m'kati ngati akugula nkhuku. Kenaka anatembenukira kwa Marcelina.

"Msuweni, mkazi wanga, mwini ntchito ndiwe. Yabwino ndi iti?"

Marcelina anayang'ana simbi ziwirizo. Bodza linali pafupi, lalifupi ndi losavuta: kungoti yatambalayo. Koma atate ake anali atangogona masiku ochepa, ndipo m'mutu mwake munali mukadali kuyabwa ndi lumo la maliro.

"Yakudayo," anatero.

Amayi ake, a Ester, anatseka maso.

"Inyamuleninso mumve," anapitiriza Marcelina, mawu akunjenjemera. "Simbi yabwino imalemera, imapondereza yokha, dzanja limangoiperekeza. Yatambalayo njopepuka, sichedwa kuzizira, mumangokhalira kuikupiza. Chivundikiro chake chimagwedera, phulusa limagwera pansalu. Yakudayo imatsekeka bwino, ndipo mphuno yake njosongoka, imalowa pakati pa msoko. Gwirani pansi pake muone kusalala."

Hezekiya anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayamba kumwetulira. Pachisuweni mawu sayenda molunjika. Msuweni akakuuza kuti mowa watha, dziwa kuti mtsuko uli kuseri kwa nkhokwe. Ndiponso Marcelina yemweyu ali mwana anauzapo Hezekiya kuti dziwe lina linali lolekeza m'mawondo, iye n'kumira mpaka m'khosi, ndipo Hezekiya anali asanaiwale.

"Ukundiyesa wobadwa dzulo," anatero. "Ukufuna ndisenze chitsulo chamwaye mpaka ku Mualadzi, iwe utsale ndi tambala."

"Ndanena zoona, asuweni."

"Zoona za msuweni ndimazidziwa. Taonani mmene akunjenjemerera." Anatenga yatambala ija, naipukuta ndi mkono wa malaya, naiponya m'thumba.

A Genoveva anakulira limodzi ndi Severino, ndipo ankadziwa bwino simbi imene mchimwene wawo ankaigwira tsiku ndi tsiku. Anayang'ana mwana wawo, nayang'ana Marcelina.

"Wasankha wekha, pamaso pa anthu," anatero, ndipo anakulunga mphasa mofulumira kuposa mmene msana wawo unkalolera.

Alendo sanachedwe, chifukwa msewu wa ku Mualadzi masiku amenewo sunkayendedwa dzuwa likapendeka. Hezekiya anakankha njinga yake yopanda tcheni, akuimba mluzu, munthu wokondwa kuti lero wamugwira msuweni. Atazimiririka kuseri kwa mitengo ya mango, Marcelina anakhala pansi pomwepo. Anayamba kuseka, ndipo kusekako kunasanduka misozi. Chiikireni maliro aka kanali koyamba kuti apume mpweya wonse.

"Ukanandipha lero, mwana iwe," anatero a Ester.

"Ndikananama bwanji, amayi, dothi la pamanda lisanaume?"

"Nanga akanakukhulupirira?"

"Tikanadya tambala."

A Ester anaseka, dzanja lili pakamwa, pakuti pamaliro mkazi wamasiye saseka poyera.

M'nyumba munali chofunda chimene malemu anadwala asanachimalize, ndipo mwini wake, mayi wina wa ana anayi, ankanyamuka Loweruka. Marcelina anadzaza makala m'simbi yakuda ija, naikupiza m'mwamba mpaka makala anayaka psuu. Anayala chofundacho pameza, misoko ili m'mwamba. Atanyamula simbi, dzanja lake linaima. Pamenepa ndi pamene atate ake ankamulanda simbiyo, n'kusolola kumunsi kwa kamiza, malaya amene avala, n'kuigunditsa pamenepo kaye kuti aone ngati yapsa kwambiri. Akatero ankaibwezera kamizayo m'buluku, n'kumupatsa simbi. Marcelina anayang'ana uku ndi uku, ndipo anawasowa atate ake kuposa tsiku la maliro.

"Dikira," anatero a Ester.

Analowa kuchipinda, natuluka ndi kamiza yoyera yakale. Kumtunda inali bwinobwino. Kumunsi kwake, kumene munthu sankaona, kunali zipsera zokhazokha, mphuno ya simbi pamwamba pa mphuno ya simbi, zina zofiirira, zina zoboola.

"Iyi sindinaitulutse pamphasa," anatero. "Zaka makumi atatu, atate ako sanapsereze nsalu ya munthu ngakhale kamodzi. Ine ndinkangokalipa kuti akundithera malaya."

Anayala kamizayo pakona ya meza, naisalaza ndi dzanja. Marcelina anafunafuna pamene panatsala poyera, nagunditsapo simbi, naikweza. Sipanatsale chipsera.

"Yakhala bwino," anatero amayi ake. "Yamba."