Thumba la Wampira

Mwana wathu tinamutcha Wampira chifukwa cha miyendo yake. Ukamufunditsa bulangete, amangoliponda kamodzi, lili uko. Ali wakhanda ndinkamukulunga m'nsalu ngati kamtolo, koma atayamba kugubuduka yekha anesi a kusikelo anandiletsa. "Manja akhale omasuka, agone chagada, ndipo pafupi ndi nkhope pasakhale chofunda chilichonse," anatero.

Tchuthi changa cha uchembere chinali kutha, kuzizira kutafika pachimake. Tinagwirizana kuti masana mwana azikhala ndi bambo ake kushopu, kumene amasoka masofa. Apongozi anga atamva anangoti, "Mdzukulu wanga agone m'chishedi chija popanda bulangete? Ndimutenga, muzidzamuona Loweruka." Sankaseka. Ine mtima unandiwawa, chifukwa ndimawadziwa. Chikondi chawo amachiyeza ndi mabulangete, ndipo atatu n'poyambira chabe.

Amuna anga anati ndisade nkhawa, asoka thumba logonamo mwana monga anesi anafotokozera. Anasokadi. Koma munthu amene wakalambira pamasofa sadziwa kupanga chinthu chopepuka. Thumba linabwera la nsalu ya veleveti, m'kati muli siponji, kutsogolo kuli mabatani okhomerera mwaluso. Likanangokhala ndi miyendo inayi, alendo akanalikhalira.

Titalitengera kusikelo, anesi anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako nkhope inasintha. Anapisa dzanja pakhosi pa thumbalo, mkono wonse n'kulowa. "Bambo, apa mutu wa mwana uterereka n'kulowa m'kati. Mabatani awa akathothoka, ameza. Nanga siponjiyi, mukufuna kumuphika?"

Titafika kunyumba amuna anga anatulutsa malaya awo a kotoni a mizeremizere, amene ankawasunga ngati dzira, n'kuwadula osaphethira kuti asoke thumba lina. Anamuyeza mwana khosi ndi m'khwapa kawirikawiri, iye akuwaponda pamimba. Zipi anaisoka mozondoka kuti kachitsulo kake kakathere kumapazi, kutali ndi chibwano. Titabwerera kusikelo, anesi anapisanso pakhosi, ndipo zala ziwiri zokha ndi zimene zinalowa.

Lolemba ndinayamba ntchito, koma mtima unali kwina. Nthawi yopuma ndinathamangira kushopu, n'kupeza apongozi afika kale, mabulangete atatu ali m'manja, chikwama chodzanyamulira zovala za mwana chili paphewa. Wampira anali m'kabedi kake m'kachipinda kakumbuyo, kutali ndi fumbi ndi misomali, ali chagada m'thumba latsopano lija, manja atatambasula ngati mwini shopu. Miyendo inkapondabe m'tulo momwemo, koma panalibe choti igwetse.

Apongozi anamugwira kadzanja. "Akuzizidwa uyu."

"Manja amanama, amayi," anatero amuna anga. "Gwirani pachifuwa."

Apongozi anatsegula zipi pang'ono kumapazi, n'kulowetsa dzanja mpaka pachifuwa. Anakhala choncho nthawi yaitali, akufunafuna cholakwika. Kenako maso awo anaima pa nsalu ija, n'kuyamba kuisisita ndi chala.

"Iwe, malaya awa si aja ndinakugulira potsegula shopu ino?"

"Ndi omwewo, amayi."

"Eya, n'chifukwa chake wafunda mwanayu. Ine sindigula zinthu zachabechabe."

Amuna anga anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kudenga kuopa kuphulika ndi phwete. Ndinali wokondwa moti ndikanatha kuvina pakati pa masiponji pomwepo. Apongozi anakhala pasofa yosamalizidwa, n'kudzifunditsa mabulangete onse atatu m'miyendo, akudandaula kuti m'shopumo mumazizira ndipo palibe amene amaganizira anthu akuluakulu.

Chikwama chija anabwerera nacho chopanda kanthu, ndipo madzulo Wampira anagona kwathu.