Ntate Mokheseng Afuna Mbali ya Dzuwa

M'munda wa maluwa a m'mapiri momwe ndimagwira ntchito kuno ku Lesotho muli chitunda cha miyala chomwe abwana anachigawa pawiri. Mbali yowomba dzuwa anapatsa 'Me Nthati ('Me ndiye kuti mayi kuno), mayi wansangala yemwe anali atangobwera kumene. Mbali ya mthunzi inali ya Ntate, kapena kuti bambo, Mokheseng, omwe anayamba ntchito mundawo usanakhale n'komwe ndi mpanda.

Kumapeto kwa Ogasiti, chipale chidakali mbuu pamwamba pa mapiri, mvula isanadonthe, kwa 'Me Nthati kunayamba kuphuka. Timaluwa ta masamba onenepa osunga madzi tija, tofiirira ndi tachikasu, tinadzaza m'ming'alu ya miyala. Alendo akangotsika basi ankathamangira komweko ndi mafoni awo. Kwa Ntate kunali udzu wopsa ndi chisanu basi.

"Mukuona, 'Me Limpho?" anandiuza tsiku lina, akukoka bulangete lawo paphewa. "Timene akujambulato ndinakazula ndine pa hatchi, kumtunda kwa abusa a nkhosa. Zala zinachita kuuma gwa. Lero akuti maluwa a Nthati."

"Anunso aphuka, Ntate. Dikirani Okutobala."

"Okutobala ndi kuseri kwa chimbudzi komwe kumaphuka."

Kuyambira pamenepo anasiya kudya nafe. Ankatenga papa wawo, nsima ya kuno, ndi ndiwo zamasamba n'kukakhala pa mwala wokwera, pomwe ankaona bwino aliyense woima kwa mnzawoyo. 'Me Nthati atawapititsira tiyi, anati mano akuwawa. Mlendo wina atawafunsa njira ya ku maluwa okongola aja, anamulozera ku dzenje la manyowa.

Kenako anakalowa kwa abwana. Mawu a Ntate ankamveka mpaka ku geti: dzuwa si luso, munthu aliyense atha kuphukitsa maluwa pamalo ofunda. 'Me Nthati ataitanidwa anangoseka.

"Tengani, Ntate. Ine dzuwa likundithetsa khungu."

Anasinthana. Chaka chonsecho Ntate anagwira ntchito ngati mnyamata: kusanja miyala, kuthira mchenga kuti mizu isawole, kufunditsa timbande ndi udzu. Ogasiti wotsatira chitunda chinachita kuyaka. Sindinaonepo maluwa ochuluka chotero m'munda muno. Ntate anabwera atavala bulangete la ku tchalitchi, n'kuima pambali, manja kumbuyo.

Basi inafika. Alendo anakhamukira kwa iwo, ndipo kwa kanthawi nkhope yawo inawala. Koma mayi wina anaponda mwala wa m'mphepete kuti ajambule bwino.

"Phazi, 'Me! Phazi limenelo!"

Bambo wina anawerama kuti akhudze tsamba.

"Ndi maso, Ntate, osati zala. Kwanu mulibe maluwa?"

Anthuwo anajambula mwachangu n'kuzungulira kuseri kwa chitunda. Kumeneko 'Me Nthati anali atagwada pa nthaka yozizira, popanda duwa ndi limodzi lomwe. Anayamba kuwaonetsa timphukira tobisala pansi pa miyala, n'kuwauza kuti aike chikhatho pa mwala amve kuzizira komwe timaluwato timapirira. Anawasimbiranso za nkhalamba ina yomwe inakatenga zonsezi pa hatchi, zala zitauma. Kuseka kunamveka mpaka mbali ya dzuwa.

Ntate anaima okha pakati pa maluwa awo, akusunzumira kuseriko.

"Akuwauza chiyani?" anandifunsa.

"Akusimba za inu."

"Za ine? Ndiye bwanji aima kwa iyeyo?"

Basi itachoka, 'Me Nthati anabwera akusasa dothi m'mawondo.

"Ntate, maluwa anu chaka chino ndi osaneneka."

"Ndikudziwa," anatero, osamuyang'ana. Anatola khasu, n'kuyenda pang'ono, kenako anatembenuka. "Mawa basi ikafika mudzaime mbali ino. Koma aliyense woponda mwala ndithana naye ndekha."