Dimba la a Odeta ndi Pepala la Chipwitikizi

A Raimundo anafika pakhomo atamangirira makasu awiri atsopano ndi nsalu ya kapulana panjinga, akumwetulira mano onse pamtunda. Akazi awo, a Odeta, anali pakhonde akutong'ola chimanga.

"Mayi a Marlene, mwayi wafika ku Mualadzi! Kwabwera kampani yofuna kudzala mitengo. Izi ndi mphatso chabe. Lachisanu amuna tonse tikadinda chala papepala, kenako ntchito iyamba."

"Pepalalo likuti chiyani?"

"Lili m'Chipwitikizi. Akuti ndi lolandirira alendo basi."

"Nanga malo akufuna ati?"

A Raimundo anakanda kumutu. "Akuti cha kudambo."

A Odeta anachita mantha. Kudamboko n'kumene kuli dimba lawo, limene amayi awo analambula atabwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha. Chaka cha chilala, dimba lomwelo ndilo linapulumutsa banja. Ndipo tinene zoona, a Raimundo ndi mkamwini pamudzipo. Anabwera ndi njinga ndi wailesi, malo sanabwere nawo.

M'mawa mwake a Odeta anakokera amuna awo kwa a Célia, aneba awo, amene amaphunzitsa mbiri yakale kusekondale. A Célia anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa:

"A Raimundo, mukuganiza kuti atsamunda analowa bwanji m'dziko lino?"

"Ndi mfuti, aphunzitsi."

"Mfuti zinalipo, koma m'malo ambiri pepala linkatsogola. Imvani mawu amene ndimaphunzitsa ana anu. Liwu loyamba ndi imperialismo. Ndi pamene dziko lamphamvu likufuna kulamulira maiko ena kuti lipeze chuma ndi misika. Likafika n'kukhazikika, n'kuika malamulo ake ndi misonkho yake, umenewo ndiwo utsamunda. Maiko a ku Ulaya anakumana ku Berlin kukambirana za kulanda Africa, pamsonkhano wopanda mwini malo ngakhale mmodzi. Pambuyo pake anadula malire. Inu abale anu ali kuti?"

"Ena ali kutsidya kwa malire a Cassacatiza, ku Zambia," anayankha a Odeta.

"Achewa okhaokha, koma mzere unadutsa pakati, ndipo palibe anakufunsani. Liwu lina ndi tratado, ndiye kuti pangano. Alendo ankabwera ndi nsalu ndi mikanda, n'kupempha atsogoleri kuti aike chizindikiro papepala la chilankhulo chosamva. Eni ake ankayesa ndi ubwenzi, pomwe pepalalo likuti apereka dziko. Lotsiriza ndi concessão. Boma la atsamunda linkapereka dera lonse kwa kampani kuti izilidyera, ndi anthu ake omwe. Za chibalo, ntchito yokakamiza ija, simusowa kuti ndikuuzeni."

Liwu loti chibalo linawalasa a Raimundo. Agogo awo anatengedwa pachibalo ali mnyamata, ndipo anamwalira akunenabe za chikoti. A Raimundo anakumbukira kapulana yatsopano imene akazi awo anali atakana kuvala, manyazi anawagwira.

"Ndiye kampaniyi ndi atsamunda?"

"Sindinatero ayi. Mwina ndi anthu abwino, ndipo ntchito tikuifuna. Koma ife tili ndi chimene makolo analibe. Lamulo la dziko lathu likuti malo sagulitsidwa, ndipo anthu amene akhala akulima pamalo ali ndi ufulu pamalopo ngakhale alibe chikalata. Kampani isanapatsidwe malo, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa, amayi ndi abambo omwe. Mukafunse, safunsa anadya phula."

Lachisanu anthu anadzaza pabwalo la sukulu. Panali tebulo, inki ndi pepala lija. Amuna anali atandanda kale pamzere, ena atapukuta chala pamalaya kuti chidinde bwino. A Raimundo anali achitatu. Nthawi yawo itakwana, anaika manja kumbuyo.

"Pepani akuluakulu, ine malowo si anga. Eni ake ndi awo akhala kumbuyoko."

Anthu anaseka, koma a Odeta anaimirira. "Ife amayi ndife timalima kudambo. Tikupempha kuti pepalali liwerengedwe mokweza m'Chinyanja, mzere ndi mzere."

Munthu wa kampani anati nthawi yatha kale. Koma a Cipriano, amene anatumidwa ndi boma kudzaonerera msonkhanowo, anatenga pepalalo n'kulipereka kwa a Célia. Aphunzitsiwo anawerenga modekha. Pamwamba panalidi mawu olandira alendo. M'munsi mwake munalembedwa kuti onse odinda avomera kupereka malo kuyambira kumsewu mpaka kudambo, kwa zaka makumi asanu.

Kuseka kunathera pomwepo. Amuna awiri amene anali atadinda kale ankangoyang'ana zala zawo zakuda.

"Uku sikufunsa anthu," anatero a Cipriano. "Pepala ili silipita kulikonse. Tiyitana msonkhano wina, aliyense adzalankhule, ndipo zimene tidzagwirizane zidzawerengedwa musanadinde."

Zinatenga misonkhano iwiri ndi mkangano wambiri. Pomaliza kampani inalandira malo a kuphiri amene palibe ankalima. Madimba, chitsime ndi manda zinatsala m'manja mwa eni ake, ndipo zonsezo zinalembedwa. A Odeta anadinda okha chala chawo atamva mawu onse.

A Raimundo anapezadi ntchito yofesa mitengo, ndipo sasiya kudzitama kuti iwo ndiwo anapulumutsa dimba. A Odeta amangowasiya, n'kuwapatsa limodzi mwa makasu aja kuti akapalire anyezi.

Makolo athu anataya dziko pa mapepala amene sanawamve, ndipo analibe kokadandaula. Ife lamulo tili nalo. Musadinde chala kapena kusayina pepala lokhudza malo lisanawerengedwe m'chilankhulo chanu, pamaso pa onse amene amalima malowo. Mphatso ya khasu isakulandeni munda.