Makope a Torunn

"Katoniyo isiyeni pomwepo, achimwene," anatero Ingunn.

Eivind anali atainyamula kale, nsapato zili kuphazi. Anaibwezera pa tebulo, pakati pa makapu a khofi ndi maluwa ofota a anthu odzapepesa maliro. Panali patapita masiku atatu chiikireni mayi awo, Torunn, m'dothi louma gwa ndi chisanu ku Stjørdal.

"Ndalonjeza anzawo a amayi a ku yunivesite kuti makopewa ndiwapatsa lero," anatero Eivind. "Akuti palibenso amene anatsata thupi la mtsikana wothamanga kwa zaka zambiri chonchi."

"Mtsikanayo ndine. Munandifunsa?"

Torunn anatha zaka makumi awiri akufufuza mmene thupi la mkazi limasinthira akamachita masewera olimbitsa thupi. Ankakonda kunena kuti asayansi anayeza amuna okhaokha, n'kumalangiza akazi ngati kuti mkazi ndi mwamuna wochepa thupi. Kumisonkhano ankamuombera m'manja mpaka manja kuwawa. Koma woyamba kuyezedwa anali mwana wake yemwe. Kuyambira Ingunn ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, m'mawa uliwonse asanadzuke, mayi ake ankalowa kuchipinda, n'kumugwira pamkono ndi zala ziwiri zozizira, maso ali pa wotchi, kuwerenga kugunda kwa mtima. Kenaka sikelo, kenaka funso la kumwezi, ndipo zonse zinkalowa m'kope.

Ingunn anasolola kope limodzi n'kumukankhira mchimwene wake. "Werengani. Apa ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

Eivind anawerenga monyinyirika. "Sanasambe mwezi uno. Liwiro lakwera."

"Tembenuzani. Miyezi khumi ndi inayi, mawu ake omwewo. Ine ndikuonda ngati bango, iwo akulemba. Mpaka fupa la m'chiuno linathyoka ndili pa mpikisano. Kapena mwaiwala chimene ndimatsimphinira?"

"Nthawi imeneyo aliyense ankati kusiya kusamba ndi chizindikiro choti ukulimbikira. Ndi amayi omwewo anadzaonetsa kuti ndi njala, kuti thupi likaperewera chakudya mafupa amafumbwa. Atsikana angati apulumuka chifukwa cha iwo?"

"Anaphunzirira pa ine," anatero Ingunn. "Inu munali ndi mayi, achimwene. Ine ndinali ndi dokotala. Ndikabwera pa Khirisimasi, munthu wamkulu ndithu, m'mawa ndi awo pabedi panga ndi kawotchi kawo. Sanandifunsepo kuti uli bwanji mwana wanga. Ankangofuna nambala."

Ndi chifukwa chake kwa zaka zitatu zapitazo Ingunn sanaponde pakhomopo. Uthenga wa imfa unamupeza ku Bergen, ali ndi mkwiyo umene ankausunga kuti adzaulankhule tsiku lina. Tsikulo silinafike, ndipo zimenezi zinkamupweteka kuposa chiuno. Anatsegula chitseko cha mbaula ya nkhuni, natapa makope odzaza manja.

"Iwe, wapenga?" anatero Eivind.

"Msiye." Anali bambo awo, Asbjørn, amene chim'mawa chonse anangokhala duu pawindo, atavala jekete la kumaliro. "Ndi ako, Ingunn. Wotcha ukafuna. Koma yamba waona lapansi penipenilo."

Kope lomalizalo linali lopyapyala. Linayambira chaka chimene fupa linathyoka, ndipo munalibe mizere, munalibe nambala ngakhale imodzi. Munali madeti okha, awiri kapena atatu pa chaka. Ingunn wabwera. Ingunn wabwera, wadya bwino. Ingunn wabwera, anaseka. Chakumapeto kunali madeti atatu a Khirisimasi, ndipo pa lililonse panalembedwa kuti sanabwere.

"Nanga nambala ankalemba kuti?" anafunsa Ingunn.

Asbjørn anapisa m'thumba la jekete natulutsa wotchi ija, lamba wake atasuwa. Anaiika m'dzanja la mwana wake. Mivi yake sinkayenda.

"Inaima sabata imene unagonekedwa m'chipatala. Ndinati ndikaikitse batire, anandikaniza."

"Zaka khumi ndi zitatu? Ndiye ankayang'ana chiyani?"

"Palibe. Mayi ako ankadziwa chimene anakulakwira, koma pakamwa pake pankatuluka bwino nkhani za sayansi zokha. Akanati akukumbatire, ukanalola?"

Ingunn akanakana ndithu, ndipo onse atatu ankadziwa. Mkwiyo sunachoke, unangosowa pogwira, ndipo chisoni chinalowa pomwepo. Anatseka chitseko cha mbaula n'kubwezera makope akale m'katoni.

"Tengani, achimwene. Koma muwauze kuti miyezi khumi ndi inayi ija asaidumphe. Aiwerenge yonse pamaso pa ophunzitsa atsikana."

"Nanga ilo?"

"Ili si lawo."

Eivind atatuluka, Ingunn anakoka mpando, mwendo ukukwakwaza pansi, nakhala pafupi ndi bambo ake. Dzanja la mkuluyo linali pabondo. Ingunn analitembenuza, naika zala ziwiri pamkono, maso ali pa wotchi yosayendayo, ndipo anakhala choncho osawerenga kanthu.