Samu ya Deborah pa Bolodi

Belinda Kabwe anali kuchapa mayunifomu kuseri kwa nyumba yawo ku Mtendere, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, pamene Cynthia, mnansi wake wogulitsa tomato, anasuzumira pa mpanda wa malata.

"Amake Debo, mwamvera? Mwana wanu bamulemba pa bolodi."

"Nanga nambala wani bamulembe kuti? Pa chitseko?"

"Iyayi mayo. Balemba vamene analakwa! Samu yonse, na dzina pamwamba. Ni bamadamu batsopano baja, ba Mutale. Silas wanga ndiye wanena."

Sopo anagwera m'beseni. Deborah sanatsikepo pa nambala wani chiyambire Giredi 1. Kunyumba ankamutcha Dokotala, ngakhale abusa ankamutcha choncho.

"Lero lomwe nimuchotsa," anatero Belinda akupukutira manja pa chitenje. "Masukulu ni yambiri. Ku Kalingalinga iliko."

"Pitani, vovala nizatsukuluza ine. Koma osamenya munthu, muli mu kwaya imwe."

M'njira Belinda anapemphera kuti Ambuye agwire lilime lake. Pofika pa geti la sukulu anali ataiwala zimene wapempha. Analowa m'kalasi ya Giredi 6 popanda odi.

"Madamu! Mwana wanga mumuchititsa manyazi chifukwa chani? Mumudziwa uyu mwana imwe?"

Ana onse anatembenukira kukhomo. Sophie Mutale, mphunzitsi wachitsikana wa choko mpaka m'zigongono, anaika choko pansi. Anauza ana kuti apitirize ntchito awiriawiri, nanyamula mpando wake womwe kukauika pakhomo.

"Khalani mayo, mwayenda pa dzuwa."

Belinda anakhala, poti mpando sukanidwa. Ali pamenepo anaona bolodi. Pamwamba panalembedwa kuti Cholakwa Chabwino cha Lero, ndipo dzina la tsikulo linali Moven. Pakona panali zotsala za dzulo: Deborah, ½ + ⅓ = ⅖.

"Pamene ninabwera," anayamba Sophie motsitsa mawu, "Deborah anali kuchita masamu yapafupi chabe. Yovuta anali kusiya pepala loyera. Ninamufunsa. Akuti, nikalakwa bazati sindine wanzeru."

"Koma ni wanzeru!"

"Kwambiri. Ku koleji tinawerenga va akatswiri bamene banafufuza maphunziridwe ya bana. Banapeza kuti mwana ukamutamanda chabe kuti ndiwe wanzeru, kambiri amayamba kuthawa vovuta kuti dzina isagwe. Ukatamanda mwamene wayesera, amalimba mtima. Ndiye tsiku lililonse nimapempha mmodzi atipatseko cholakwa chake, tonse tichikonze pamodzi. Sinikakamiza munthu. Deborah anali kuyang'ana pansi mwezi wonse. Dzulo anaimika dzanja yekha."

"Yekha?"

"Yekha. Theka la kalasi inalakwa chimodzimodzi, koma wolimba mtima anali iye."

Belinda anayang'ana m'kalasi. Deborah anali atawerama pa buku la Moven, mnyamata wa dzina la pa bolodi uja, pensulo ili m'kamwa. Kenako anaichotsa.

"Iwe Moven, manambala yapansi sibawonjezera so. Na ine ninagwa pamene apa dzulo. Theka la banzi ukawonjezerapo kachidutswa, ingachepe bwanji kupambana theka? Ganiza na mimba."

Moven anaseka mpaka kutsokomola.

Belinda anakumbukira kuti Deborah ankadwala m'mimba tsiku lililonse la mayeso, iye n'kumamupatsa madzi otentha ndi pemphero. Anakumbukiranso kuti dzulo madzulo Deborah anamaliza chakudya chonse, natsuka mbale akuimba, osatumidwa.

"Mukafuna kumuchotsa, mwana ni wanu," anatero Sophie. "Ine ningamve chabe chisoni."

Nthawi yomweyo Deborah anatukula mutu, maso ake nakumana ndi a mayi ake. Kumwetulira kumene kunali pankhope pake kunazima. Anayang'ana pakona ya bolodi, nabisa pensulo pansi pa desiki ngati chinthu chakuba.

Belinda anaimirira, nakonza chitenje. Mtima unkamuuza kuti anong'oneze mawu awiri pakhomo pomwepo n'kubwerera ku zochapa zake. Koma anali atakalipa pamaso pa ana, ndipo anawo anali akumuyang'anabe. Anayenda mpaka kutsogolo.

"Debo, tulutsa pensulo, thandiza mnzako. Palibe kwamene uyenda." Anatembenukira kalasi. "Imwe bana, lero volakwa vili viwiri. Cha Moven na changa."

"Tilembe pa bolodi, anti?" anafunsa Moven.

Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka, ngakhale Deborah anagwira pakamwa.

"Lemba, koma dzina langa ulembe bwino." Belinda anapinda maondo pang'ono, manja ali pamodzi, nayang'ana mphunzitsi uja wamng'ono ngati mng'ono wake. "Madamu, ninalowa kopanda odi, nakalipa nikalibe kufunsa. Nikhululukireni, mwana wa amayi. Na iwe Debo, mwana wanga, unikhululukire."