Ndege Inapita kwa Chiwalo

Helikopita inali ikuthiridwa mafuta pa bwalo la mpira la sukulu pamene Eneless anatulukira, matope mpaka m'ntchafu, chitenje chitamatirira pathupi. Msilikali wolondera anamuletsa, koma iye anangowerama n'kudutsa pansi pa chingwe ngati palibe munthu.

"Achimwene! Achimwene a Goodman!"

A Goodman Kaliati anatembenuka, wailesi ya ovaova ili m'manja. Pabwalopo panalibe amene akanayerekeza kuwaitana ndi dzina limenelo. Anali bwana wamkulu wa ndege za asilikali, munthu amene anayamba ntchito akupukuta magalasi a ndege zaka makumi atatu zapitazo, ndipo mwezi wotsatira ankayembekezera kukwezedwa kukhala Jenerale. Chigumukire phiri la Michesi masiku atatu apitawo, iwo ndi amene ankanena kuti ndege ipite uku, isapite uko.

Eneless, mlongo wawo wamng'ono, anagwada m'matope momwemo.

"Violet akufa, achimwene. Matenda anamuyamba dzulo m'mawa, mwana sakutuluka. Azamba alephera, mlatho wapita ndi madzi. Tumizani ndegeyi kwa Kaduya."

"Dzuka kaye, Eneless. Anthu akuona."

"Aone! Ndawoloka mitsinje iwiri kuti ndidzabisale?"

Violet anali mwana yekhayo wa Eneless, ndipo bambo ake anamwalira kalekale. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, zikavuta anthu amayang'ana amalume.

Wachiwiri kwa a Kaliati, Meja Fathiya Omar, anasendera pafupi ndi pepala la maulendo. Pepala limenelo linali ndi lamulo limodzi, ndipo anaika ndi a Kaliati omwewo: ndege iyambe kumene kuli anthu ambiri ndiponso kumene madzi akukwera msanga, osadumpha mzere. Dzulo lake iwo anali atabweza bambo wina wolemera amene ankafuna kuti ndege ikatenge amayi ake.

"Bwana, mitambo ikutsika. Woyendetsa akuti watsala ulendo umodzi basi," anatero Meja. "Kwa Chiwalo kuli anthu khumi ndi mmodzi pachulu, asanu ndi ana. Madzi awafika m'mawondo."

"Singadzere kwa Kaduya pobwerera?"

"Ikhala itadzaza kale, bwana. Mukudziwa ndinu."

Ankadziwadi. Anafunsa dala, poti munthu akathedwa nzeru amafunsa ngakhale zimene akuzidziwa.

Eneless anawagwira mwendo wa thalauzi. "Pachulupo pali m'bale wanu? Mwini mbumba ndinu, achimwene. Pa ukwati wa Violet munakhala kutsogolo, nyenyezi zili mbee paphewa, ife n'kumakuimbirani nthungululu kuti amalume a ndege afika. Lero ndiye ndege ilibe malo?"

"Eneless, kuli ana asanu kumeneko."

"Ine ndili naye mmodzi! Mmodzi yekha!"

Asilikali anayang'ana kumbali. A Kaliati anamva manyazi, mantha ndi mkwiyo, zonse pakamodzi, komabe anakweza wailesi kukamwa. Pa ntchito yawo yonse sanalamulepo ndi mawu osasa chotero.

"Nyamukani. Kwa Chiwalo."

Ndege inabangula, mphepo yake n'kumwaza madzi pabwalo ponse. Eneless analira chokweza, manja ali pamutu, koma phokosolo linameza kulira kwake.

Itazimirira m'mitambo, a Kaliati anapereka wailesi kwa Meja.

"Gwirani ntchito. Ine ndikupita kwa Kaduya wapansi. Ndipatseni chingwe."

"Bwana, simungachoke pano popanda chilolezo cha kulikulu, ndipo mafoni sakugwira. Kumeneko n'kuthawa pa malo a ntchito."

"Lamulo limenelo ndaphunzitsa anthu ambiri, Meja. Inu nomwe ndinakuphunzitsani ndine."

"Ndiye mukudziwa kuti ndiyenera kulemba mu lipoti. Ujenerale uja uthera pompano."

"Lembani zoona. Musachotse kanthu."

Anakoleka chingwe paphewa n'kunyamuka, Eneless ali patsogolo. Aa, njira yake! Sinali njira konse, koma matope, miyala ikuluikulu yochokera kuphiri, ndi chimanga chogona chagada. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu, wozolowera kuona dera lonseli ali m'mwamba, anagwa kanayi asanafike pa mtsinje woyamba. Nsapato imodzi inatsalira m'matope, inzakeyo anaivula okha. Mlongo wawo ankangopitirira patsogolo, osacheuka.

Anamupeza Violet atagona pamphasa m'khonde la tchalitchi, milomo itayera, mphamvu yobuula itamuthera. Atawaona anayesa kumwetulira.

"Amalume, mwabwera ndi ndege?"

"Ndabwera ndekha, mwanangu. Limba."

Anagwetsa chitseko cha tchalitchicho n'kumugonekapo. Amuna asanu a m'mudzimo anagwira nawo. Pa mitsinje a Kaliati ankayamba ndiwo kulowa, chingwe chili m'chiuno, kukachimanga pamtengo tsidya linalo, kenaka onse n'kusenza chitseko pamutu, madzi ali m'khwapa. Ankamuitana Violet mobwerezabwereza kuti asagone, mpaka mawu anawathera.

Anafika kuchipatala patatha maola anayi, kukuyamba kuda. Madokotala anathamanga naye kuchipinda cha opaleshoni.

M'mawa mwake Meja anatumiza uthenga: onse khumi ndi mmodzi a kwa Chiwalo anapulumuka, ndipo kulikulu akufuna a Kaliati akaonekere Lolemba. Iwo anangogwedeza mutu. Anali pabenchi panja pa wodi, mapazi otupa, ong'ambikang'ambika, atakulungidwa mabandeji.

Eneless anatuluka mu wodimo n'kukhala kumapeto kwa benchi.

"Violet watsitsimuka," anatero. "Mwana ndiye ayi. Anali wamwamuna. Adokotala akuti wafera m'njira, tinachedwa pang'ono."

A Kaliati anaweramitsa mutu, misozi n'kumagwera pa yunifolomu yamatope ija.

Patapita nthawi Eneless anafunsa, osakalipa, osawayang'ana n'komwe.

"Achimwene, pa ndege, kuchokera kwa Kaduya kufika pano, ndi nthawi yaitali bwanji?"

Akanatha kunena kuti sakudziwa. Koma dera limenelo anali ataliuluka kosawerengeka, ndipo mlongo wawo sanamunamizepo chibadwire.

"Mphindi zisanu ndi ziwiri," anayankha.